Wophika Nyemba Amene Anasanduka Chinsinsi cha Dziko

Chaka chimene ndinayamba kuyenda sindichikumbuka, ndipo mayina a malo amene ndinadutsamo anandithawa onse. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinanyamuka ndili ndi nkhawa, n'kupitiriza ulendo ndili ndi mkwiyo. Nsapato zinatha, zitenje zinasuluka, mano awiri anaguluka m'njira, koma mkwiyowo sunachepe ngakhale pang'ono. Mpaka lero ndikamva munthu akutchula chitetezo cha dziko, mkwiyo womwewo umandigwiranso.

Amuna anga, a Layifodi, anali ophika. Anawalemba ntchito yophikira asilikali pa msasa wina wa kumalire, kuseri kwa mapiri, ndipo ntchito yawo yonse inali nyemba: m'mawa kusankha, masana kuphika, madzulo kuviika za mawa. Mfuti sanaigwirepo. Munthu wake ngakhale nkhuku ankandipatsa ine kuti ndizinge, iwo atayang'ana kumbali. Pakatha miyezi itatu iliyonse ankabwera kunyumba akununkha utsi, n'kukhala sabata imodzi akundiseka kuti sindidziwa kuthira mchere. Tinali titakhala m'banja zaka ziwiri zokha, tisanaone mwana, pamene nthawi yawo yobwera inakwana koma osaoneka. Ndinadikira masabata awiri, kenako ndinatseka chitseko n'kukakwera basi.

Tauni yoyamba inali ya msewu umodzi, ya fumbi lofiira lolowa m'mano. Kondakitala ankakuwa kuti, "Otsika pa msasa! Pa msasa apa!" ndipo tinatsika anthu ambiri, ena atasenza tomato wokagulitsa pa geti. Pambali pa getipo panali kanyumba kokhala ndi kawindo kamodzi. M'katimo munakhala bambo wina wa jekete la khofi, cholembera chili pakhutu, kapu ya tiyi ataivundikira ndi sosala.

"Zikomo bambo. Ndikufuna amuna anga, a Layifodi, ophika pa msasa pano."

"Msasa wake uti?"

"Uwu uli kumbuyo kwanuwu."

"Mayi, kuno kulibe msasa."

Kumbuyo kwawoko asilikali ankaguba akuimba, fumbi lili koboo. Mphepo inkabwera ndi fungo la nyemba zopserera, ndipo ndinadziwa kuti akuphika ndi wina, chifukwa a Layifodi sanapserezepo nyemba chibadwire. Ndinaloza ndi chala n'kufunsa kuti nanga akugubawo ndi ndani. Bambowo anavundukula tiyi wawo, anamwako pang'ono, n'kumuvundikiranso.

"Ine sindikuona kanthu. Komanso palibe lamulo londikakamiza kukuyankhani."

Sindinabwerere. Kumtsinje kunali amayi ochapa zovala za asilikali, ndipo anandilandira osafunsa zambiri. Kumeneko ndinaphunzira kuviika malaya m'phala la chinangwa kuti aume gwa, kuuzira makala a m'simbi osagwetsa phulusa, ndi kutulutsa mzere wa buluku woongoka kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi. Tsiku ndi tsiku tinkachapa mayunifomu a msasa umene kunalibe. Thumba lililonse ndinkalipisa ndisanalinyike m'madzi, mwina n'kupezamo kapepala ka dzina lawo, koma ndinkangotola zotsalira za ndudu ndi mabatani. Asilikali obwera kudzatenga zovala ndinkawafunsa za wophika wamtali uja, wa mpata m'mano. Ankayang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, musatipalamulitse." Lachiwiri lililonse ndinkapita pa kawindo kaja, ndipo Lachiwiri lililonse msasa unali kulibe.

Mvula ili pafupi kusiya, bambo wa jekete uja anakankhira chikwama kunja kwa kawindo ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinachizindikira. Munali malaya awiri, buluku limodzi ndi chipande chawo chopsa kunsonga.

"Eni ake ali kuti?"

"Eni ake a chiyani?" anatero, n'kutseka kawindoko.

Kwathu munthu akamwalira zinthu zimayenda mwa dongosolo. Adzukulu amakumba, timaika, anamfedwa amameta tsitsi, ndipo pakapita nthawi akuchimuna amaitana mkazi wamasiyeyo n'kumusudzula, ndiko kuti kumumasula kuti akafuna banja lina akakwatiwe. Popanda zimenezi mkazi amakhala womangika. Si wapabanja, si wamasiye, ndipo palibe mwamuna wolongosoka amene angayerekeze kumufunsira. Choncho ndinasenza chikwama chija kupita nacho kwa a Yelemiya, malume awo a Layifodi, amenenso anali ankhoswe a ukwati wathu. Ndinagwada chapatali n'kuchiika pansi.

"Apongozi, zimene andipatsa ndi izi. Tichite bwanji?"

A Yelemiya anatulutsa malaya aja limodzi limodzi, n'kuwabwezeramo.

"Chikwama si maliro, mayi. Tilire malaya? Tikakumetani lero, mawa mwana wathu n'kutulukira pa msewu apo, tidzati chiyani kwa iye? Tisonyezeni mtembo, kapena manda, apo ayi chikalata cha boma chonena kuti munthuyu anatisiya."

Mlongo wawo wa a Layifodi, a Esinati, anali atakhala pakhonde akutongola chimanga. Osadzutsa mutu anati, "Mwina alamu athuwa akudziwa kumene ali. Angofuna tiwamasule msanga."

Mawu amenewo anandipweteka zaka zambiri. Zoona zake a Yelemiya sankalakwa, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri. Ndinalibe woti ndimutukwane pamudzipo. Amene ndinkafuna kumutukwana anali kuseri kwa kawindo, akumwa tiyi.

Ndinayendanso. Midzi inkafanana yonse, agalu ake omwewo, mijigo yake yothyoka mofanana. Kenako ndinapezeka m'tauni ya njanji, kumene sitima inkadutsa osaima. Kutsogolo kwa maofesi a boma, pansi pa mtengo wa mbawa, pankakhala mkulu wina dzina lake a Chimwaza, wolembera anthu makalata pa makina otayipira. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, zilembo ndinkangozidziwa patalipatali. Anandilola kuti ndizisesa pamalopo ndi kukhala tsidya lina la tebulo, moyang'anana nawo, kugwira mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Pang'onopang'ono ndinayamba kuwerenga, kenako anandisonyeza poika zala pa makinawo.

"Kalata ya kuboma musamaliriremo, mayi," ankatero. "Misozi kumeneko sawerenga. Tchulani chinthu, tsiku ndi malo, basi."

Tsiku lina masana wailesi ya wogulitsa mandasi inalengeza kuti kwabwera lamulo latsopano. Munthu aliyense tsopano anali ndi ufulu wofunsa boma zimene linalemba m'mabuku ake, ndipo boma linkayenera kuyankha pasanathe masiku owerengeka. A Chimwaza anaimirira, anavula chipewa, n'kuvina pafumbi pomwepo ndi miyendo yawo ya nyamakaziyo.

"Mayi, tsiku lanu lakwana! Khalani pa makinapa mulembe nokha!"

Ndinalemba ndekha. Sindinaliremo. Ndinapempha zolembedwa zonse zokhudza a Layifodi, ophika, pa msasa wakutiwakuti, m'nyengo ya mvula yakutiyakuti. Nditalowa nayo mu ofesi ndinapeza kawindo, ndipo kuseri kwake kunali bambo wa jekete la khofi, cholembera pakhutu, tiyi wovundikira ndi sosala. Sindinadabwe kwenikweni. M'zaka zimenezo zinthu zinkachitika choncho.

"Tinakumanapo, bambo."

"Sindikukudziwani, mayi, koma takulandirani. Ndi ufulu wanu."

Ulendo uno ankamwetulira. Kalatayo anailandira ndi manja awiri, anaidinda, n'kundipatsa kapepala ka umboni. Yankho linabweradi pa nthawi yake, pa pepala labwino lolimba. Linayamba ndi kundithokoza chifukwa chogwiritsa ntchito ufulu wanga. Kenako linati pempho langa silingatheke, chifukwa kuulula zimene ndapemphazo kungaike chitetezo cha dziko pa chiswe, ndipo iwo sangavomere kapena kukana kuti zolembedwazo zilipo.

A Chimwaza anabwereka kabuku ka lamulolo n'kukawerenga konse, chala chikutsata mzere. Chakumapeto ndithu anapeza ndime yake. Anavula magalasi.

"Khomo lakumaso alipanga lalikulu kuti tonse tilione," anatero, "koma kuseri adzisiyira kakhomo kawo."

"Nanga amene amagamula kuti nkhani iyi ndi yoopsezadi dziko ndi ndani?"

"Eni ake omwe akubisawo."

Ndinabwerera pa kawindo magazi akuwira. "Bambo, tandiuzani. Adani a dziko lino akufuna kudziwa kuti nyemba timaviika maola angati? Kapena akufuna chipande? Chilipo, ndingawapatse!"

"Musakweze mawu, mayi. Ngati simunakhutire, lamulo likukulolani kuchita apilo."

Apiloyo ndinailemba tsiku lomwelo, yopita ku bungwe la mumzinda waukulu lomva madandaulo otere. Yankho silinabwere. A Chimwaza sanavinenso. Maso awo anachita ng'ala, ana awo anabwera kudzawatenga, makina aja n'kuwamangirira padenga la basi. Ndinasesa pansi pa mbawapo kwa masiku angapo popanda womusesera, kenako ndinachoka.

Tauni yachitatu inali ya m'phiri, yozizira, nkhungu yake yosachoka mpaka masana. Kuseri kwa msika kunkamveka nyundo kuyambira m'mawa. Anali a Fanuwelo, okhoma zidebe, mbaula ndi zitini zothirira mbewu, bambo wamasiye wosayankhulayankhula. Ndinapempha madzi akumwa, ndipo ndinakhalako zaka zimene sindinaziwerenge. Anandiphunzitsa kudula lata osadzicheka, kupinda m'mphepete kawiri kuti chidebe chisadonthe, ndi kuchiyesa pochidzaza madzi n'kuchiika pa nthaka youma. Akaona kadontho, ankachiphwasula chonse osakalipa. Anali munthu wabwino, ndipo ndinawakonda. Ndikunena poyera chifukwa nthawi imeneyo ndinalibe ufulu wonena.

Tsiku lina anaika nyundo pansi n'kunena kuti, "Mayi, ine ndatopa kudya ndekha. Tiyeni tikaonane ndi akuchimuna kwanu."

Tinapita, iwo atavala jekete lobwereka, ine nditatenga kalata ya boma ija. A Yelemiya anali atakalamba, koma mutu unali womwewo. Anamvetsera kalata yonse ndikuwawerengera.

"Kalatayi ikuti sangatiuze. Sikunena kuti anamwalira."

"Apongozi, zaka zonsezi munthu wamoyo sakanabwera?"

"Boma lenilenilo likukana kunena kuti anafa, ndiye ine ndine yani kuti ndimuphe ndi pakamwa panga? Bambo inu, pepani. Mkazi uyu ngwa mwini."

A Fanuwelo anadikira zokolola ziwiri. Chaka chachitatu anakwatira mayi wina wogulitsa mbatata, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndinawakhomera chidebe cha mphatso, chosadontha ngakhale pang'ono, n'kunyamuka ukwati usanachitike. M'tauni ya nkhungu imeneyo ndi mmene ndinasiyira kupita kumwezi, ndisanagwirepo mwana wanga m'manja. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse la boma, ndipo palibe anadandaula kuti zaika kanthu pa chiswe.

Pomaliza ndinafika mumzinda waukulu, kutsata apilo yanga. Nyumba ya bungwe lija inali yosanjikiza, ya makonde aatali onunkha polishi. Pa kawindo anandiuza kuti nkhani yanga akuiunikabe. Tsiku lotsatira anatero, mwezi wotsatira anatero. Poona kuti ndimakhala pamenepo tsiku lonse, anandipatsa tsache, ndipo ndinakhala wosesa m'nyumba momwemo mmene munagona kalata yanga.

Pansi penipeni pa nyumbayo panali chipinda chopanda mawindo, choyang'aniridwa ndi mayi wina wonenepa, wa mawu okhuthala, Anachisale. Wantchito wawo atapuma pa ntchito, Anachisale anandiitana.

"Inu achemwali, dzanja lanu ndi lokhazikika? Mungajambule mzere woongoka?"

"Ndinasitapo mabuluku a asilikali."

"Basi, mwakhoza."

Anandisainitsa lumbiro lakuti ndikadzaulula zimene ndaona m'chipindamo ndidzalowa m'ndende. Kenako anandionetsa ntchito. Munthu akapambana apilo pang'ono, boma linkayenera kumupatsa mapepala ake, koma litachotsamo zoopseza dziko. Pepala lenileni sitinkalikhudza. Tinkalijambula pa makina, chojambulacho chinkapita kumwamba kwa bwana, iwo n'kuzunguliza ndi pensulo mawu oti abisike. Chikabwerera, ife tinkaika rula n'kudetsa mizereyo ndi cholembera chakuda chonenepa, chonunkha mpaka kupweteketsa mutu. Tikatha tinkachijambulanso kachiwiri, kuti munthu akachiyang'ana pa dzuwa asaone zilembo zapansi. Mapepala ena ankatuluka ali bii, kutsala tsiku ndi chidindo.

"Lamulo la m'chipinda muno ndi limodzi," anatero Anachisale. "Pepala timaliika mozondoka, mutu wake kuloza pamimba panu. Mukatero diso limangoona pensulo, siliwerenga. Amene sadziwa kanthu amagona tulo tabwino."

Njira imeneyi anaipeza okha kalekale, ndipo ankainyadira. Chimene sankadziwa n'chakuti ine kuwerenga ndinaphunzira nditakhala tsidya lina la tebulo la a Chimwaza. Zilembo zozondoka ndi zimene ndinayamba kuzidziwa, zoongoka zinabwera pambuyo. Choncho ndinkawerenga chilichonse chimene ndinkadetsa.

Sindinama, zinsinsi zenizeni zinalimo. Kamodzi panabwera mapu osonyeza mosungira zida, ndipo amenewo ndinawadetsa ndi mtima wanga wonse, kawiri konse. Koma zotere zinkabwera mwa apo ndi apo. Zambiri zinali za mjigo umene unalembedwa kuti unakumbidwa koma osakumbidwa, za ng'ombe za mkulu wina zimene zinkadya chimanga cha asilikali, za galimoto imene inagunda munthu woyendetsa ataledzera. Zonsezi pensulo inkazizunguliza, pambali n'kulemba mawu omwe aja, chitetezo cha dziko. Ndinkadetsa mizereyo mano ali chilumire. Ndinkadziwa kuti kwinakwake kuli munthu waima pa kawindo akudikira pepala limeneli, ndipo dzanja lomutseka m'maso linali langa.

M'mawa wina anatsitsa faelo yopyapyala, yachikasu ndi ukalamba. Pamwamba pake panali kalata yotayipa, ndipo ndinaizindikira ndisanaiwerenge, chifukwa makina a a Chimwaza ankalumphitsa chilembo chimodzi pamwamba pa zinzake. Inali apilo yanga. Inali itayenda zaka zonsezo kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, mpaka kufika pa langa. Pansi pake panali mapepala anayi, pensulo itazunguliza pafupifupi mzere uliwonse. Ndinawaika mozondoka, monga mwa lamulo la m'chipindamo, n'kugwira rula.

Mapepalawo ankati thanki ya madzi ya kukhitchini anaiika pa nsanja ya mitengo yofumbwa. Inagwa m'mawa wina a Layifodi akutunga madzi ophikira, ndipo inawathyola msana. Dokotala wa pa msasa anapempha kuti awatumize ku chipatala chachikulu. Mkulu wa msasa anakana, ati kuchipatalako akafunsa kumene munthuyu wavulalira. Anagona m'kachipatala ka pa msasapo miyezi itatu yathunthu. Pepala lachitatu linali la namwino, lolemba pamanja, ndipo mawu amodzi ankabwerezabwereza: wodwala akufunsabe za mkazi wake. Pepala lachinayi linali lochokera m'buku la pa geti. Linkati: lero Lachiwiri, mayi uja wabweranso, wabwezedwa. Analemba choncho maulendo asanu ndi anayi. A Layifodi atamwalira anawaika kuseri kwa khitchini, popanda chizindikiro.

Rula inagwa pansi. Ndinatenga faeloyo n'kukwera masitepe onse mpaka kumwamba, kumene osesa timalowako bwana akachoka. Sindinagogode. Bwana wa pensulo anali atakhala kuseri kwa tebulo lalikulu, jekete la khofi, tiyi wovundikira ndi sosala. Tsitsi lawo linali lisanachite imvi ndi imodzi yomwe.

"Bwana, munthu uyu anali mwamuna wanga. Ndiuzeni, mdani akamva kuti wophika anagweredwa ndi thanki, atilanda phiri liti?"

"Mwawerenga? Simukuloledwa kuwerenga."

"Ndawerenga. Ndiyankheni."

"Nkhani si thanki, mayi. Tikavomera kuti anafera pa msasa, ndiye kuti tavomera kuti msasawo ulipo."

"Msasawo anauphwasula kalekale! Ndinamva kuti pano anthu akulimapo chimanga!"

"Ndiye kuti tavomera kuti unalipo."

"Amuna anga anandiitana miyezi itatu, ine ndili pa geti ndikusita mabuluku anu. Mukanangotsegula chitseko, ndikanawatembenuza, ndikanawamwetsa phala. Dziko likanagwa?"

Anayang'ana wotchi yapakhoma. "Ndikumvetsa kuti zakukhudzani. Bwererani mukadetse monga ndazungulizira. Kope lanu mudzalilandira pa positi, ndi ufulu wanu."

Ndinafuna kuwathira tiyi uja kumaso. Dzanja linanyamuka ndithu, koma ndinalibweza, chifukwa ndikanatero akananditenga pomwepo mapepala n'kutsala. Ndinatsika. Anachisale anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana faelo, n'kuwerenga dzina la wopempha pa kalata ija. Kwa nthawi yoyamba anaitembenuza kuti aione moongoka.

"Ndinu inu?"

"Ndine."

Anapuma mozama, n'kuvundikira cholembera chawo chakuda. "Ine ndikupita kukagula chimanga chootcha. Ndimachedwa kusankha. Makinawo ndi oyatsa, ndipo ine sindinaone kanthu."

Ndinajambula mapepala anayi aja opanda banga lakuda ndi limodzi lomwe, ndinawapinda n'kuwamanga m'chitenje pamimba. Ndinatuluka pa khomo lakumaso dzuwa lili paliwombo, ndikudziwa bwino lomwe zimene ndinasainira. Ngati adzabwere kudzanditenga, adzandipeza. Tsache ndinalisiya litatsamira pa kawindo.

Pamudzi pa a Layifodi ndinafika patapita masiku amene sindikuwadziwa. A Yelemiya anali atamwalira kalekale. Wamkulu wotsala anali a Esinati, atapindika msana, maso akuona mwa chimbuuzi. Anandizindikira ndi mawu.

"Alamu, mukadali moyo?"

"Ndikadali moyo. Ndabwera ndi chikalata chija."

Ndinakhala pa mphasa n'kuwawerengera zonse, osadumpha mzere. Ndinkafuna amve, ndipo ndinkafuna ziwapweteke. Nditamaliza, a Esinati anafunsa.

"Miyezi itatu?"

"Itatu."

"Inu muli pa geti pomwepo?"

"Ndili pa geti pomwepo."

"Ine n'kumati mukudziwa kumene ali." Anagwira pakamwa. Patapita nthawi anaitana mpongozi wawo kuti abweretse lezala, sopo ndi madzi m'beseni.

Anandimeta okha, pansi pa mtengo wa mango, akupapasa mutu wanga ndi zala kuti asandicheke. Lezala inkayenda pang'onopang'ono kuchokera pamphumi kupita kunkhongo. Atamaliza anasamba m'manja, anakhala moyang'anana nane, n'kunena mawu amene mwambo umafuna.

"Alamu, m'bale wathu anapita. Ife takusudzulani. Ndinu mfulu, mukafuna banja pitani mukakwatiwe."

Mawuwo anali oyenera, ndipo anawanena bwino. Koma atangowatsiriza, iwo eni anamva mmene akumvekera. Ndinayang'ana pansi. Tsitsi limene linali mbwee pa mphasa ndi pa chitenje changa linali loyera lokhalokha.

Pamenepo ndi pamene ndinalira maliro a amuna anga, koyamba. Ndinalira mokuwa, mmene timalirira mtembo ukamatuluka m'nyumba, ndikuwatchula dzina, ndipo a Esinati anandilandira kulirako. Amayi a pamudzipo anasiya mitondo ndi makasu n'kubwera akuthamanga, akumanga zitenje m'njira, akufunsana kuti wamwalira ndani. Ambiri a iwo dzina la Layifodi anali asanalimvepo.